Malata Anga Sadzavala Udzu

Zochoka ndinaziganiza tsiku limene tinaika m'manda atate ake a Yotamu, amuna anga. Mvula inayamba thupi likadali m'nyumba, ndipo denga lathu la udzu linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bokosi. Amayi a kumpingo anathamanga ndi mabeseni, wina anatambasula ambulera pamwamba pa maliro, m'nyumba mwanga momwe. Nyimbo sinaleke, koma ine ndinamva bwinobwino mawu kumbuyo kwanga: “Mwana wa aphunzitsi ameneyu.” Ankanena ine. Sindinatembenuke. Mwini mawuwo ndimamudziwa mpaka lero, ndipo timapatsana moni.

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, adzukulu awiri kale. Yotamu, mwana wanga mmodzi yekhayo wamwamuna, anati, “Amama, ku Lusaka kumapita atsikana. Inu mukakayamba kusesa m'nyumba za eni, anthu adzati ine ndalephera kukusungani.” Ndinamuyankha kuti anthu anena kale, ndipo anenera pa maliro a atate ake. Makoma a nyumbayo ndi a njerwa zootcha, anaumba okha malemuwo, koma imfa inawapeza asanafike pa denga. Ndinauza Yotamu kuti alowe m'nyumbamo ndi banja lake, aisunge. Ine ndipita, ndipo sindibwera mpaka malata atakwana.

Ntchito anandipezera msuweni wanga. Ndinakwera basi m'mamawa ku Chipata, ndalama yapanjira nditaisokera mumpendero wa diresi, ndipo mpaka pa mlatho wa Luangwa ndinakana ngakhale nthochi imene anandipatsa mayi wokhala naye pampando. Anthu amati ndine wokayikira aliyense. Ndimavomera. Sindinaberedwepo chibadwire.

Abwana anga anali a Dokotala. Osati dokotala wa jakisoni, koma wa mabuku. Anaphunzitsa zachuma ku yunivesite, ndipo atapuma, mabungwe ankawalemba ganyu yoganiza. Akazi awo anali kunja kwa dziko ndi ana, choncho m'chinyumba chonsecho tinalimo awiri, iwo ndi mapepala awo, ine ndi tsache langa. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndimawerenga Chizungu. Ndinati pang'ono chabe, dzina langa ndi nambala ya basi. Linali bodza. Atate anga anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo Chizungu anatilowetsa ndi kamtengo ka bulugamu. Koma munthu akadziwa zonse zimene umatha, amadziwanso pokugwirira. Ndinangokhala mayi wakumudzi wosadziwa kanthu, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinawerenga pepala lililonse limene ndinalinyamula kuti ndipukute tebulo.

Za kusungulumwa ndisabise. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Mwezi unkatha osamva munthu akunditchula dzina langa. A Dokotala ankangoti “Amai,” monga mmene ungaitanire mayi aliyense wogulitsa tomato. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi, koma Chinyanja cha kumeneko chinkandikanda m'makutu, ndipo pambuyo pa mapemphero aliyense ankathamangira minibasi yake. Ndinazolowera kudya chiimire, chifukwa kukhala pansi ndi mbale wekha kumakukumbutsa zambiri. Mng'ono wanga atamwalira ndinamva pafoni ndikuchapa makatani. Ndinaliza misozi m'beseni momwemo, koma sindinapite. Ndalama ya basi, kupita ndi kubwera, inali malata atatu. Ana ake sanandikhululukire, ndipo sindiwapempha kutero.

Ndalama ya malata sindinkaitumiza kwa Yotamu. Si wakuba mwana wanga, ayi. Koma ndalama ikagwera m'manja mwa munthu wa ana imapeza malungo, imapeza yunifolomu, imapeza maliro a kuchikazi. Lata silisungunuka. Choncho ndinkalipira pafoni ku shopu ina ya zomangira ku Chipata, mwini shopu n'kundiimbira kuti zafika, Yotamu n'kukatenga. Ya sopo ndi ya makope a ana ndinkatumiza payokha kwa mpongozi wanga, amake Tiyeseko. Ndipo nthawi zonse ndinkati, “Ndijambulireni.” Ankajambula: malata atatsamira khoma, Yotamu ataima pambali ngati wapha njovu.

Chaka chachisanu ndi chimodzi malata anakwana, misomali ndi mapaso omwe. Ndinati khomani. Patatha miyezi iwiri chinabwera chithunzi cha denga lonyezimira, chojambulidwa chapafupi kwambiri, khoma osaoneka. Ndinachikulitsa ndi zala. Kukona kunali nsonga ya mtengo wa papaya. Pakhomo panga palibe papaya, malemu ankadana nawo. Ndinafunsa. Yotamu anati, “Tinabzala, amama, amakula msanga.” Ndinati chabwino. Ndinagwirabe chaka china kuti ndisabwerere chimanjamanja, koma papaya uja sanandichoke m'mutu.

Ndibwerere pang'ono m'mbuyo, pa tebulo la a Dokotala, chifukwa nkhani yanga yonse inaphikidwa pamenepo ine ndikuthira tiyi. Tsiku lina kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza osauka kumidzi. Ankakonza fomu yosankhira anthu oyenera thandizo. Ndikulowa ndi thireyi, a Dokotala anati, “Amai, taimani kaye. Kwanu ku Chipata, munthu wosauka mumamudziwa bwanji?”

Yankho ndinali nalo. Pitani kudzala kwake mu Febuluwale, muone ngati pali phulusa latsopano. Onani amene akupalira munda wa eni pomwe wake wamera tchire. Onani mayi amene amafika woyamba pa maliro alionse, ngakhale a munthu wosamudziwa, n'kukhala kufupi ndi miphika. Koma ndinadzifunsa kuti anthu awa akufuniranji kudziwa za kwathu, ndipo akadziwa achita nazo chiyani. Ndinawapatsa yankho lalifupi, limene linali pamtima panga tsiku lililonse. Ndinati, “Denga.”

A Dokotala anawomba m'manja, n'kuuza alendowo m'Chizungu kuti mwamva nokha, ngakhale mayi wosaphunzira akuvomereza zimene kafukufuku anapeza kale. Ndinamva liwu lililonse. Mawa lake ndinaiwerenga fomuyo. Denga la udzu kapena la malata. Pansi pozira kapena pa simenti. Njinga, wailesi, matiresi, sola. Dzulo munadya kangati. Yankho lililonse linali ndi mamaraki ake, ngati mayeso a kusukulu, kungoti pa mayeso awa wokhoza ndi amene walephera. Funso la denga linalipo kale ndisanatsegule pakamwa, sindikudzinamiza kuti ndinalibala ndine. Koma ndinaliikira umboni.

Tsiku lina ali okondwa anandifotokozera. “Kale, Amai, thandizo linkagawidwa ndi makomiti, ndipo makomiti ankalemba alamu awo. Tsopano ndi sayansi. Munthu anganame, koma denga silinama.” Za makomiti ankanena zoona, ndinaziona ndi maso anga. Ganizo lawo silinabadwe ndi mtima woipa. Koma ine ndakulira pa nsawa. Ogula akabwera ndi sikelo, alimi amawaza madzi kuti zilemere. Akabwera ndi chidebe, ogula amachiponda kuti chitupe pamimba, alimi n'kusiya makoko pansi. Muyeso uliwonse umaphunzitsa anthu bodza lake. Kachipangizo ka kuchipatala koyezera kutentha kamanena zoona chifukwa malungo sadziwa kuti akuyezedwa. Munthu amadziwa. Zimenezi sindinawauze a Dokotala. Ndinangoti, “Inde, abwana,” n'kutenga makapu.

Ndinabwerera mu Okutobala, osauza aliyense tsiku. Ndinatsika pa Mtenguleni masana, katundu ndinakweza pa njinga ya hayala, ine pambuyo wapansi kuti ndizimuona wanjingayo. Pali kachitunda kamene ukafikapo mudzi wathu umaoneka wonse. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkalota nditaima pamenepo, maso akuthobwa ndi kunyezimira kwa nyumba yanga. Ndinaima. Ndinaona udzu. Udzu wakuda, wophwanyika pakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba.

Amake Tiyeseko atandiona anagwetsa lichero. Yotamu anabwera kuchokera kudimba akupukuta manja pa buluku, akuseka kuseka kwa munthu amene miyendo ikufuna kuthawa. Ndinalandira moni wonse bwinobwino, ndinamwa madzi, ndinagwira adzukulu anga, amene tsopano anali anayi. Kenako ndinafunsa.

“Malata anga ali kuti?”

“Alipo, amama. Onse alipo. Sindinagulitse ngakhale limodzi.”

“Sindinafunse ngati alipo. Ndafunsa kuti ali kuti, chifukwa pamene ayenera kukhala ndikuonapo udzu.”

Ananditengera kuchigafa chakale cha fodya. Anachotsa mapesi, anachotsa matumba, ndipo malata anga anali pamenepo, ogonekedwa pansi ngati akuba obisala. Ndinawawerenga kawiri. Analidi onse. Anayi apansi anali atagwira dzimbiri chifukwa cha chinyezi. Ndinagwada n'kupalasa dzimbirilo ndi chikhadabo, ndipo ndinakumbukira maliro a mng'ono wanga.

“Nanga chithunzi chija?”

“Nyumba ya mnzanga ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Ndinaopa kuti mukwera basi.”

“Papaya amakuladi msanga.”

Sanaseke. Anakhala pa mulu wa mapesi n'kuyamba kulankhula, ndipo ndiyenera kulemba mawu ake mwachilungamo, chifukwa sanali a chitsiru. “Amama, inu munali ku Lusaka. Chaka chatha mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Ana awa anadya chifukwa dzina lathu lili pa mndandanda wa bungwe. Feteleza wa chaka chino akuchokera komweko. A Sakala a m'mudzi muno anakhoma malata, kalembera wotsatira anawachotsa, lero akugulitsa mbuzi imodziimodzi. Ine ndikhome malata kuti ana azigona ndi njala pouma? Malata sadyedwa, amama. Ndipo a kalembera akubweranso Lachinayi likudzali.”

Masiku awiri otsatira ndinayenda m'mudzi, kupereka moni, maso ali ponseponse monga mwa chizolowezi changa. Ndinapeza mayi wina akuzira dothi pamwamba pa simenti imene mwamuna wake anaika chaka chatha. Anandiona n'kunena kuti, “Tikukonzekera alendo, ambuya,” ndipo tinaseka tonse awiri. Ndinaona masola akutsitsidwa pa madenga. Ndinamva anthu akunena kuti “ife ndife ovutikitsitsa,” mawu amene ndinawaona koyamba pa tebulo la a Dokotala, ndipo ankawatchula ngati mmene atate anga ankatchulira kuti ndi aphunzitsi. Pepala lija linafika kwathu ine ndisanafike, ndipo linali litamanga kale mudzi wake.

Ndinapitanso kwa NaZulu, mnzanga wa ku utsikana, wamasiye ngati ine. Mwamuna wake anagwira ntchito ku migodi kalekale n'kukhoma malata, ndipo malata omwewo alipobe, ofiira, obooka ngati sefa. Ana ake onse anatsogola. M'nyumba mwake munali mphasa, poto mmodzi ndi chitini cha madzi. Pa mndandanda palibepo, chifukwa ndi wa nyumba ya malata. Ndinamufunsa kuti amadya chiyani. Anati, “Ganyu, mnzanga. Sabata yatha ndimasosa m'munda mwa Yotamu wako. Amalipira bwino, usamukalipire.” Wolembedwa kuti ndi wosauka kulemba ganyu wolembedwa kuti ndi wolemera! Ndinafuna a Dokotala akanakhalapo ndi magalasi awo.

Koma chimene chinandimaliza chinali pakhomo panga pomwe. Ndinamva mpongozi wanga akuyesa ana mayeso kuseri kwa nkhokwe. “Akakufunsani kuti dzulo munadya kangati?” Onse pamodzi, ngati pa Sande sukulu: “Kamodzi!” “Mumagona pa chiyani?” “Pa thumba!” Tiyeseko, wamkulu pa onsewo, amene amakhoza masamu kuposa anyamata a m'kalasi mwake, ndiye ankatsogolera. Ine atate anga ankandiimika pakhonde kuti ndiloweze mayina a mitsinje ya dziko lino. Adzukulu anga akuloweza njala.

Yotamu anayesa kundinyengerera. Anabwera ndi a Lungu, kalipentala wa m'mudzi mwathu, munthu wa nthabwala. A Lungu anakhala pansi, anavula chipewa, n'kunena kuti, “Amake Yotamu, musavutike mtima, nkhaniyi ili ndi mankhwala. Timakhoma malata bwinobwino, pamwamba timafolera udzu, m'kati timatchinga ndi mphasa. Mvula siilowa, dzina silichoka. Nyumba zitatu ndakonza kale m'mudzi muno, ndipo inu ndi maso anu akuthwawo simunazione.”

Zoona, sindinazione, ndipo zinandipweteka.

“Udzu wonyowa pamwamba pa lata,” ndinatero, “zaka zingati lisanaole?”

“Aa, zimenezo ndi za Mulungu.”

“Ndi za dzimbiri, a Lungu. Mulungu musamuikemo.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinauza Yotamu pamaso pawo kuti ndinakolopa zimbudzi za eni zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinachite zimenezo kuti malata anga adzavale udzu ngati akuchita manyazi. Akhomedwa, ndipo aoneka kuchokera pa chitunda.

“Ndiye mwasankha malata kusiya adzukulu anu,” anatero Yotamu.

Mawu amenewo analowa, ndipo akadali momwemo. Ndinamuuza kuti kandalama kamene ndabwera nako kagula feteleza wa chaka chino. Anati, “Nanga chaka chamawa? Mudzapitanso ku Lusaka ndi mawondo amenewo?” Ankanena zoona. Sindikulemba izi kuti ndioneke wolungama. Ndikudziwa kuti kulimba mtima kwanga kukanatha kulipiridwa ndi mimba za ana. Koma ndinaonanso kuti tikadikira chaka chimene kalembera sadzabwera, malatawo adzathera m'chigafa, ndipo Tiyeseko adzakula akudziwa kuti chinthu chabwino ukachipeza umachikwirira.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Kapata n'kubwera ndi amisiri awiri osadziwa aliyense m'mudzi mwathu. Lachiwiri m'mawa anayamba kugwetsa udzu. Munatuluka makoswe, mphemvu ndi fumbi la zaka makumi awiri. Ndinaika mpando pabwalo n'kukhala pamenepo tsiku lonse, thumba la misomali lili pamiyendo panga, ndikuwapatsa khumikhumi. Mmisiri wamkulu anati, “Ambuya, ngakhale kubanki sachita chonchi.” Ndinati kubanki n'chifukwa chake amaberedwa. Anthu anadzaza kumsewu, ena atagwira pakamwa ngati akuona ngozi. Mayi wina anafuula kuti, “Mwalemera, amake Yotamu!” Ndinati, “Ndatopa, mayi, si kulemera. Kutopa kwanga ndi kumene kukunyezimiraku.”

Nyundo zikulira choncho, Yotamu anayamba kutulutsa katundu wake. Anasamutsira banja lonse m'kakhitchini ka udzu kumbali kwa bwalo. Kenako anatenga khasu n'kuyamba kukumba maenje pakati pa bwalo langa, kuchokera ku nkhokwe mpaka ku mtengo wa mango. Pofika Lachitatu madzulo, denga linali litatha, ndipo mpanda wa udzu unali utathanso. Mabanja awiri, makomo awiri. Zipinda zitatu zimene ndinazivutikira kuti tigonemo tonse, ndinalowamo ndekha. Ndinayang'ana m'mwamba, malata oyera, mzere wa misomali wowongoka bwino, ndipo chimwemwe chimene ndinachidikira zaka zonsezo sichinabwere.

Lachinayi kutangocha ndinamva “Odi!” Anali a Lungu, akukankha njinga. “Amake Yotamu, inu mwagwa kale mayeso. Tisungireniko iyi mpaka madzulo.” Pambuyo pawo panali mzere. Njinga, mawailesi, masola, matiresi, makina osokera, ngakhale wailesi yakanema yokulungidwa m'chitenje. Anthu omwe aja ankagwira pakamwa kumsewu. Womaliza anali mpongozi wanga, matiresi ali pamutu, maso ali pansi. Ine amene sindikhulupirira munthu, mudzi wonse unandikhulupirira tsiku limenelo. Ndikanatha kuwabweza. Koma ndinayang'ana nkhope zawo, ndipo sindinaone akuba. Ndinaona anthu amene anawerenga fomu bwino kuposa amene anailemba. Ndinatenga choko cha Tiyeseko n'kulemba dzina la mwini pa chinthu chilichonse, kuti madzulo pasadzakhale wonena kuti wailesi yake inali yaikulu.

Wa kalembera anali mtsikana wa m'tauni, waulemu, atanyamula chifoni chachikulu ngati sileti ya kusukulu. Ndinakamudikirira kwa NaZulu, chifukwa nyumba yake ndi yoyamba polowa m'mudzi. Ndinamulowetsa m'kati n'kumuonetsa dzuwa likulowa m'mabowo a denga ngati mivi.

“Ndikuona, ambuya,” anatero. “Koma pano pali udzu ndi malata basi. Malo olemba kuti obooka palibe. Ine ndimangodina, mamaraki amawerengera ndi makinawa.”

“Dinani udzu.”

“Ndimajambulanso denga, ambuya. Andichotsa ntchito.”

Inde, ine amene ndinakana bodza pa nyumba yanga ndinapempha bodza pa nyumba ya mnzanga, ndipo ndikanapemphanso lero. Mtsikanayo anadina malata, maso ake atalengeza misozi. NaZulu anamuthokoza chifukwa chobwera.

Atafika kwanga anaima pakhomo n'kuyang'ana katundu yense uja. “Ambuya, njinga zonsezi?”

“Mwaona zingati?”

“Zisanu ndi ziwiri.”

“Lembani zisanu ndi ziwiri.”

“Ndi zanu?”

“Fomu yanu imafunsa zimene zili m'nyumba. Zili m'nyumba.”

Anaona mayina a choko aja, n'kuseka chapansipansi. “Mudzi uliwonse uli ndi nyumba imodzi ngati ino. Musadandaule, sindinaone kanthu.” Ndiye kuti aliyense akudziwa. Olembedwa akudziwa, olemba akudziwa. Chosadziwa ndi chifoni chokha, ndipo ndicho chimagamula.

Anafunsa za denga, ndinati akweze maso. Anafunsa kuti dzulo ndinadya kangati, ndinati katatu, ndipo kachitatuko ndi nkhuku. Kenako anayang'ana mpanda uja. Udzu wake unali usanade n'komwe, dothi la m'maenje likadali lofiira. Pamwamba pake pankaoneka chipewa cha Yotamu, ataima duu, akumvetsera.

“M'nyumba muno mumagona anthu angati, ambuya? Aja a kuseri kwa mpanda, ndi banja lina kapena ndi lanu lomweli?”

Liwu limodzi likanakwana. Ndikanati ndi mwana wanga, wasamuka dzana, mpandawo ndi wa dzulo, dzina lake likanachoka pomwepo, ndipo sakanakhalanso ndi chifukwa chogonera m'khitchini. Ndikanamubweza m'nyumba ndi njala. Chipewa chija sichinagwedezeke.

“Muno ndimagona ndekha,” ndinatero. “Awo kafunseni okha. Ali ndi pakamwa.”

Sindinaname. Ndicho chinandiwawa kwambiri, kuti sindinaname.

Dzina la Yotamu linatsala pa mndandanda. La NaZulu silinalowe. Sabata yotsatira ndinaimbira a Dokotala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawalankhula m'Chizungu cha atate anga, kuyambira pa moni mpaka pomaliza. Ndinawauza za udzu wa pamwamba pa malata, za dothi la pamwamba pa simenti, za phulusa la kudzala limene sindinawauze tsiku lija. Kenako anati, “Amai, mumalankhula Chizungu?” Patapita kanthawi anawonjeza kuti zimene ndanenazo n'zochititsa chidwi kwambiri, ndipo zingatuluke pepala labwino. Ndinawauza kuti pepala loyamba lija likadali kutidya, asanalembe lachiwirilo ayambe abwera adzagone kwa NaZulu mvula ikugwa. Mayunitsi anathera pomwepo.

Ndinachoka kwathu umphawi uli chinthu chochititsa manyazi, chimene munthu ankachibisa ndi chitenje chochapa bwino. Ndabwerera ndapeza uli ntchito. Uli ndi yunifolomu yake, mayeso ake ndi tsiku lake lolandira, ndipo anthu amaopa kuchotsedwa. Sindiwanyoza, njala ndimaidziwa. Sanasanduke aulesi, amalima kuposa kale. Anangophunzira kuti chimene wapeza usachionetse, ndipo anaphunzitsidwa ndi anthu ophunzira amene ankafuna kuwathandiza. Kale ndinkaopa akuba, afiti ndi achibale. Tsopano ndimaopanso munthu wa mtima wabwino amene wakhala pa tebulo kutali, akuganizira anthu amene sanawaonepo.

Mvula yoyamba inagwa masana mu Novembala. NaZulu anali atasamukira kale kwanga ndi mphasa yake ndi poto wake uja, ndipo tinakhala pakhonde osamvana chifukwa cha phokoso la malata, tikungoseka ngati atsikana. Posakhalitsa adzukulu anga anatulukira kuzungulira mpanda, mabuku ali m'malaya, amawo ali pambuyo ndi mabulangete. Kuyambira tsiku limenelo ana amagona kuno, ndipo ndinawauza kuti pansi pa denga ili, wofunsidwa kuti wadya kangati amanena mmene wadyera. Yotamu yekha salowa. Akuti a bungwe amabwera nthawi zina mosadziwitsa. Amandipatsa moni pamwamba pa mpanda m'mawa uliwonse, “Mwauka bwanji, amama,” maso ali kumbali, malaya ali onyowa paphewa.

Chiswe chayamba kale kudya mitengo ya mpandawo, ndipo wapendekera kuno kwanga. Dzana mpongozi wanga anati, “Amama, bwanji tingoukankha? Angoti ndi mphepo.” Ndinati ayi, pakhomo pano zonamizira mphepo zatha. Anaumanga ndi manja ake masana, mudzi wonse ukuona. Adzaugwetsa yekha, masananso, n'kulowera khomo lakumaso. Chipinda chake ndimasesa m'mawa uliwonse, koma sindimuitana.